Mowa wapamtima pa ulendo wa ku Joni: uzitidikira mpaka katundu afike

Lero tisiye kaye za mtengo wa randi ndi mizere ya pa Beitbridge. Tikambe nkhani imene timaiseka tikakhala pagulu koma imalowa m'thumba la aliyense: mowa umene munthu anaukonda, oti ngakhale mumupatse wina waulere nkhope siimasuka.

Osamwa musathawe. Amene akuyendetsa thiraki yonyamula mabelo anu mwina amamwa, ndipo amene mwamutuma kukaoda katundu ku Oriental Plaza mwina amamwa. Nkhaniyi ndi yathu tonse.

Ife amene tadutsa zaka 40 tinakula tikudziwa kuti ukati "Green" palibe wofunsa kuti ukutanthauza chiyani. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo inali yoyamba ya kampaniyi kunja kwa dziko la Denmark. Bambo athu anamwa Green, malume athu anamwa Special, ena anakhazikika pa Kuche Kuche chifukwa ndi wopepuka ndipo amakufikitsa m'mawa monga dzina lake likunenera. Mu 2016 kampani ya Castel ya ku France inagula fakitaleyo, ndipo mkangano woti kakomedwe kanasintha kapena ayi sunathebe m'mabala mpaka lero. Mkangano umenewo ndi umboni woti anthu amaukonda mowawo. Chinthu chosachikonda suchezera kukangana za icho.

Ndiye pali chikondi chatsopano chimene ena mwa ife tinachitola ku Joni komweko. Amati craft beer. Mawuwo asakuopseni. Ndi mowa wofululidwa pang'onopang'ono ndi mmisiri wodziwika dzina, m'fakitale yaying'ono, aliyense ndi kaphikidwe kake. Soweto Gold anayamba choncho, ndi Ndumiso Madlala ku Orlando West, mpaka Heineken inadzagula mu 2017. Mad Giant anatsegula malo ake ofululira pa 1 Fox, kamtunda kochepa kuchokera ku Fordsburg. Ku Cape Town kuli Devil's Peak ndi Jack Black. Mayi Apiwe Nxusani-Mawela anadziwika monga mkazi wakuda woyamba ku South Africa kukhala ndi fakitale yakeyake yaying'ono ya mowa, ndipo mowa wake amautcha Tolokazi. Wina amalawa kamodzi bwana atamugulira, lilime n'kugwira, basi kuyambira pamenepo Castle akumumva ngati madzi.

Kunena zoona ife Amalawi zimenezi sizachilendo. M'mudzi uliwonse munali mayi mmodzi amene masese ake ankadziwika. Chimera chake, kaphikidwe kake, masiku ake oyembekezera kuti mowa upse, zonse zinali zake, ndipo madoda ankadutsa mabwalo awiri a mowa kulondola chipanda cha mayi ameneyo. Anzathu a kuno ali ndi umqombothi. Azunguwa angowonjezera botolo lokongola ndi mtengo.

Maganizo athu ndi awa: kukhala ndi mowa wako mmodzi n'kwabwino kuposa kumwa chilichonse chimene chabwera patebulo. Munthu wa mowa umodzi amadziwa mphamvu yake, amadziwa botolo limene amayamba kulankhula mokweza, amadziwa mtengo wake ndipo sangamupusitse. Akaupeza kulibe amamwa Fanta n'kukagona. Amene amatiopsa ndi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, woyamba ndi Black Label, kupita ku Savanna, kumalizira ndi kabotolo kopanda dzina ka m'shabini. Pusi anagwa chagada ndi khalidwe limenelo. Choncho sitikunena kuti musiye chimene mumakonda. Tikunena kuti chikondi chimenechi chili ndi nthawi yake ndi malo ake, ndipo Fordsburg pa tsiku looda katundu si malo ake.

Tiyambe ndi malowo. Amene mwangoyamba kumene ulendo wa ku Joni dziwani kuti Fordsburg ndi dera la Asilamu ambiri. Oriental Plaza inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la tsankho linachotsa amalonda achimwenye pa 14th Street ku Pageview, kumene eni ake amati Fietas, pogwiritsa ntchito lamulo la Group Areas Act. Mabanja ambiri amene akutigulitsa makatani, mabulangete, nsalu ndi mapoto lero ndi ana ndi zidzukulu za anthu amenewo. Pambuyo pake kunabwera a ku Pakistan, a ku Bangladesh, Asomali a ku Mayfair, ndiponso abale athu ambiri a ku Mangochi ndi Machinga amene amagwira ntchito m'masitolo ndi m'malesitanti momwemo. Lachisanu masana masitolo ambiri amatseka anthu apite ku mzikiti. M'malesitanti ambiri a mu Mint Road mupezamo biriyani, nyama yootcha ndi tiyi wa masala, mowa ayi.

Tsono ganizirani. Geni yathu imayenda ndi chikhulupiriro. Mwini sitolo amene wakuzolowera amakuchotsera mtengo, amakusungira katoni mpaka transipoti ipezeke, tsiku lina amakupatsa katundu kuti udzalipire ulendo wotsatira. Munthu ameneyo samwa, ndipo mphuno ya munthu wosamwa imamva mowa wa dzulo patali. Sakuuzani kanthu. Akumwetulirani, akugulitsani pa kashi, koma tsiku limene mudzapemphe ngongole adzakuuzani kuti bizinesi yavuta. Mnyamata wa kwathu amene amakunyamulirani katundu m'sitolomo nayenso amachita manyazi, chifukwa bwana wake akati "Amalawi" amaphatikiza inu ndi iye. Kwa eni timayenda moyang'ana pansi. Mbiri yoti Amalawi ndi anthu okhulupirika anatipangira ndi agogo athu a nthawi ya Wenela ndi abale athu ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ndipo tikudyerabe mbiri imeneyo.

Chachiwiri ndi ndalama. Mowa wapamtima umadula nthawi zonse ukakhala kutali ndi kwawo. Green amene wayenda makilomita oposa 1,700 kuchokera ku Blantyre, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, sangagulitsidwe mtengo wa ku Ndirande. Wonyamula waikapo yake, wosunga waikapo yake, wogulitsa m'chipinda waikapo yake, ndipo onsewo akudziwa kuti mukugula kukumbuka kwanu, ndiye simutsutsa mtengo. Craft beer nayenso kabotolo kamodzi ka 330 ml kamadula kuposa ngudu yathunthu ya 750 ml ya mowa wamba.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Tinene kuti botolo la mowa wanuwo ndi R40. Mwamwa anayi, mwaponya raundi kwa anzanu awiri amene mwakumana nawo, raundiyo yabwerezedwa. Mabotolo afika 10, ndiye R400. Onjezani kanyenya ndi galimoto yokubwezerani kogona chifukwa usiku ku Joni sitiyenda wapansi. Mwafika R600 usiku umodzi. Mukhala masiku atatu, ndi R1,800. Ndalama imeneyo siili ngati ya kunyumba. Ndi randi imene munaivutikira kuipeza, kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Randi iliyonse imene ili m'thumba mwanu pa Fordsburg ndi mbewu. Ikalowa mu katundu imakabereka ku Limbe, ku Area 2 kapena ku Mzuzu. Ikalowa m'botolo mwadya mbewu ndi phindu lake lomwe. Botolo lomwelo mukalimwera kwanu katundu atagulitsidwa, mukumwa phindu. Mowa ndi womwewo, kusiyana kwake ndi thumba limene mwatapamo.

Pali chinanso. Wamalonda amayenda ndi ndalama zambiri pathupi, ndipo akuba a mu tauni amadziwa nkhope ya munthu wobwera kudzaoda. Amadziwanso malo amene Amalawi amasonkhana kufuna mowa wa kwawo. Kukonda mowa umodzi kumakupangitsa kupita malo amodzi, nthawi imodzi, ulendo uliwonse. Kwa wakuba imeneyo ndi kalendala. Ngati mukupita kukamwa, mpamba ndi pasipoti zikhale zitasungidwa pabwino, m'thumba mukhale ya mowa yokha.

Tsopano kwa inu achimwene a chiwongolero, apa ndi pamene pali nkhani yaikulu. Lamulo la pamsewu la ku South Africa limaika malire a mowa m'magazi pa 0.05 g pa 100 ml kwa woyendetsa wamba, koma kwa dalaivala wa ntchito, wa thiraki kapena basi, malire ndi 0.02 g. Pa kachipangizo kouzira kaja ndi 0.24 mg kwa wamba ndi 0.10 mg kwa inu. Kunena mwachidule, botolo limodzi lokha likhoza kukudutsitsani malire.

Ambiri sagwidwa akumwa. Amagwidwa m'mawa, ali ndi chikhulupiriro choti anagona ndiye mowa watha. Chiwindi sichithamanga. Chimachotsa pafupifupi magalamu 8 mpaka 10 a mowa pa ola, kaya mwasamba madzi ozizira, kaya mwamwa khofi, kaya mwadya tsabola. Ngudu imodzi ya Black Label, 750 ml pa 5.5 peresenti, ili ndi magalamu pafupifupi 33 a mowa weniweni. Ngudu zitatu ndi magalamu pafupifupi 100, ndipo thupi likufuna maola 10 kapena kuposa kuti limalize. Mukayamba 8 koloko usiku n'kuliza injini 4 koloko m'bandakucha kuti mupewe mizere ya magalimoto pa N1, mowa ukadali m'magazi, ndipo uli pamwamba pa 0.02. Mutu ukhoza kukhala bwinobwino, kachipangizo sikafunsa mutu.

Okonda craft beer chenjerani kawiri. Mowa wa mtundu wa IPA nthawi zambiri umakhala 6 kapena 7 peresenti, pomwe Castle Lite ndi 4. Kabotolo kamaoneka kakang'ono, kamanunkhira ngati zipatso, koma awiri a amenewo ndi ofanana ndi atatu a mowa wopepuka. Werengani nambala ya peresenti pa botolo monga mmene mumawerengera kulemera kwa katundu musanafike pa sikelo.

Kugwidwa ndi mowa kuno si nkhani ya chindapusa cha pamsewu. Ndi mlandu wa kukhoti, umagona m'selo, ndipo ukapezeka wolakwa dzina limalowa m'buku la milandu, laisensi n'kuimitsidwa. Kwa mlendo mavutowo amabereka ena. Mmalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30 polowa mu South Africa. Mlandu ukamasunthidwa masiku amatha, ndipo wopitirira masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, kapena zaka zisanu ngati wapitirira ndi masiku oposa 30. Nthawi yonseyo thiraki yaima, mabelo a amayi makumi awiri ali mmenemo, ena anatenga ndalama ku banki m'khonde ndipo chiwongoladzanja sichidziwa zoti dalaivala ali m'selo. Ndiye tisafike n'komwe pa zoopsa zenizeni: mapiri a pa Makhado, ng'ombe ndi abulu a pakati pa Beitbridge ndi Masvingo usiku, zitunda zokwera ku Zobue. Misewu imeneyi imafuna maso onse awiri.

Nafenso eni katundu tili ndi mbali yathu. Chizolowezi chomugulira dalaivala "kamodzi ka panjira" pomuthokoza kuti wapakira bwino chithe. Mukufuna kumuthokoza, mupatseni ndalama ya chakudya, kapena muuzeni kuti kireti yake ikumudikira pa Blantyre akatsitsa.

Tibwere kwa amene amanyamula mowa kudutsa nawo boda. Polowa mu South Africa, munthu wamkulu amaloledwa malita awiri a vinyo ndi lita imodzi yokha ya mowa wina uliwonse popanda msonkho. Lita imodzi ndi mabotolo atatu a Green, kapena botolo limodzi la Malawi Gin. Zopitirira apo ziyenera kulembetsedwa ndi kulipiridwa. Kireti yobisidwa pansi pa matumba a mpunga wa Kilombero ndi usipa ikapezeka, ofisala samangotenga kiretiyo. Amayamba kukayikira katundu yense, amatsitsa zonse, ndipo basi yonse imagona pa boda chifukwa cha ludzu la munthu mmodzi. Kugulitsa mowa wopanda laisensi ku Gauteng ndi mlandu, ndipo kumwera pamsewu kapena pamalo oimika magalimoto ndi mlandunso. Pobwerera kwathu n'chimodzimodzi. Mowa uli ndi msonkho wapadera wa excise kuwonjezera pa misonkho ina, ndipo a MRA pa Mwanza ndi pa Dedza amauyang'ana ndi diso lina, makamaka chiyambireni masitampa a Kalondola. Ngati mowa ndi geni yanu, ichiteni poyera ndi mapepala ake. Ngati ndi chikondi chabe, mabotolo atatu akwana.

Komanso tinene chilungamo chimene okonda mowa weniweni amachidziwa: mowa suyenda bwino ulendo. Adani ake ndi awiri, dzuwa ndi kutentha. Kuwala kukalowa m'botolo kumasintha zowawitsa za hops n'kutulutsa fungo loipa lija, ndipo botolo lobiriwira kapena loyera limalowetsa kuwala kwambiri kuposa la bulauni. Kutentha kumakalambitsa mowa msanga. Tsono ganizirani kireti imene yakhala pamwamba pa ngolo ya basi padzuwa la ku Tete mu October, yagona tsiku lathunthu pa Nyamapanda, yagonanso pa Beitbridge. Chimene mukulipira mtengo wowirikiza m'chipinda cha ku Mayfair ndi dzina la Green, kakomedwe kake kanatsala panjira. Craft beer ndiye woposa, chifukwa wambiri saphikidwanso pomutsekera m'botolo kuti akhalitse monga amachitira mafakitale akuluakulu. Amafuna kukhala m'firiji kuyambira pamene wafululidwa. Kumutengera ku Lilongwe m'kabati ya thiraki kuti anzanu akalawe n'kumunyozetsa, adzakufunsani kuti chimenechi ndiye mumachitama? Masese nawonso sitinkawanyamula ulendo wa masiku atatu. Tinkapita kumene afululidwa.

Chinanso chimene tinaphunzira tonse ndi chakuti mowa ukhoza kutisiya. Pa 27 March 2020 boma la South Africa linatseka dziko chifukwa cha Covid-19 n'kuletsa kugulitsa mowa, ndipo chiletsocho chinabwerezedwa kangapo mpaka mu 2021. Mafakitale ang'onoang'ono ambiri anagwa nthawi imeneyo, kuphatikizapo ya mayi Nxusani-Mawela, ngakhale dzina la Tolokazi linapulumuka. SAB, imene inayambira mu Johannesburg momwemu mu 1895, inagulidwa ndi AB InBev mu 2016, chaka chomwecho Castel inatenga fakitale ya kwathu. Eni amasintha, mafakitale amatsekedwa, maboma amaletsa. Nthawi ya chiletso ija amene anali ndi mowa wawo mmodzi anangodikira. Amene sakanatha kudikira anagula zosadziwika za m'zigubu pamtengo wa golide, ena mpaka kuchipatala. Apa ndi pamene munthu angadziyese yekha. Ngati mowa wanu kulibe ndipo mukutha kugona bwinobwino, ndi chikondi. Ngati kulibe ndipo manja akunjenjemera mpaka mutapeza chilichonse, limenelo ndi vuto lina, ndipo likufuna kukambirana ndi a chipatala kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira. Palibe chamanyazi pamenepo.

Ena anena kuti, "Inu simukudziwa kusungulumwa kwa pamsewu. Masabata awiri osaona ana, kugona m'kabati, kutukwanidwa pa boda, kutchedwa mayina m'tauni. Botolo la kwathu ndi lokhalo limene limatikumbutsa kuti ndife anthu." Tikudziwa, achimwene, msewu ndi womwewu. N'chifukwa chake sitikunyoza chikondicho. Koma taonani bwino chimene mumachifuna mu botololo. Ndi Chichewa chomveka pambali panu, nkhani za Bullets ndi Wanderers, munthu wokufunsani za kumudzi. Zimenezo pa Fordsburg ndi Mayfair zilipo popanda mowa. Pali amayi a kwathu ophika nsima ya chambo chouma ndi nyemba, pali abale athu Achiyao amene adzakukhazikani pa tiyi mpaka usiku. Mowa uzibwera pamwamba pa zimenezi tsiku lake likakwana.

Ndiye pangano lathu likhale lotere. Pa tsiku looda katundu, kuyambira usiku wa dzulo lake, pakamwa pakhale poyera. Ndalama ya mowa ipatulidwe tisanachoke kunyumba, ikhale m'thumba lakelake, ikatha yatha, ndipo mpamba usabwereke mowa ngakhale R20. Dalaivala asakhudze botolo maola 24 asananyamuke, ndipo eni katundu tisamugulire. Pa boda tinyamule zololedwa zokha. Wokonda craft beer amumwere kumene amafululidwa, katundu atapakiridwa, malisiti ali m'chikwama, tsiku loti mawa lake ndi wokwera basi osati woyendetsa. Wokonda Green adikire Mwanza idutse, katundu atsike, amayi alandire mabelo awo, ngongole ibwezedwe.

Green amene wakhala akufululidwa ku Blantyre kuyambira 1968 sathawa chifukwa mwachedwa masiku anayi. Mudzamupeza wozizira, wa mtengo wa kwathu, wosapsa ndi dzuwa la ku Tete, ndipo mudzamugula ndi phindu.

Muyende bwino nonse amene muli pamsewu sabata ino. Amene muli pamzere pa Beitbridge, limbani mtima, mufika.